Mtengo wa Mavuto: Chida cha Amalonda a pa Mukuni Park

Abambo ndi amayi osema ndi ogulitsa ziboliboli, madengu, mikanda ndi zitenje pa Mukuni Park ku Livingstone, m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya, kapepala aka kakukudziwitsani chida chothandiza gulu kufukula gwero la vuto ndi kuona zimene vutolo likubala. Chimatchedwa mtengo wa mavuto, ndipo bungwe la chitukuko la ku Germany la GTZ lidachifalitsa kwambiri m'zaka za m'ma 1980. Sichogula ayi. Pezani katoni yakale muidule tizidutswa, cholembera chakuda, timiyala topsinjira, ndi malo osesedwa bwino pamthunzi.

Thunthu

Sonkhanani anthu 10 mpaka 15 m'mawa alendo asanayambe kufika. Pakhale osema, ogulitsa, amayi ndi achinyamata, ndipo aliyense alankhule Chitonga, Chilozi kapena Chinyanja monga wamasukira. Jambulani mtengo pansi. Pathunthu ikani vuto limodzi lokha, lolembedwa monga likuonekera, mwachitsanzo: ambiri timaweruka osagulitsa kanthu.

Apa mpamene magulu ambiri amasochera. Wina amafulumira kunena kuti vuto ndi kusowa kwa ngongole. Ameneyo watchula kale mankhwala matenda asanadziwike, ndipo zokambirana zonse zithera pa ndalama. Mpempheni mwaulemu asunge ganizolo.

Mizu

Funsani kuti, chifukwa chiyani? Yankho lililonse lilembedwe pa kachidutswa kake nkuikidwa pansi pa thunthu. Mwina wina anena kuti mlendo amangodutsa osaima. Musakhutire, funsaninso. Kodi nchifukwa choti aliyense wayala njovu ndi mvuu zofanana ndi za mnzake? Kapena timamuitanira tonse nthawi imodzi mpaka athawa? Kapena wagula kale pamsika wa ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, makilomita pafupifupi 10 kuchoka m'tauni, kapena kutsidya, m'tauni ya Victoria Falls? Kapenatu chosemacho nchokongola koma ncholemera, moti sangakwere nacho ndege? Muzu uliwonse utsatidwe mpaka poti yankho latha.

Osema atchulanso za mlombwa, umene kuno timati mukwa, ndi phingo. Ngati mitengoyi ikuchokera kutali, thiransipoti ndi chilolezo cha Dipatimenti ya Zankhalango zimadya phindu chosemacho chisanafike pamsika. Lembani zimenezo, ngakhale wina achite nazo manyazi.

Nthambi

Pamwamba ikani zotsatira: kugulitsa mongotaya kuti papezeke ya ufa, kuchedwa kulipira malo, ngongole ya katapila, ana kusowa zofunika kusukulu, kulandana makasitomala. Mudzaona kuti nthambi ina imagwera pansi nkusanduka muzu. Wogulitsa motaya amasema mothamanga, ndipo chosema mothamanga sichikopa wogula.

Kusankha pokumba

Gawo ili ndiye lofunika kuposa onse. Gawani mizu pawiri. Ina simungaikumbe. Alendo atasiya kubwera mu 2020 chifukwa cha Covid-19, palibe wa pa Mukuni Park akadatsegula malire. Madzi a Zambezi amadzaza mathithi cha mu Epulo nkuchepa cha mu Okutobala ndi Novembala, mufune musafune. Mizu yotere idziweni kuti muzikonzekera, koma musatherepo m'mawa wonse.

Ina ili m'manja mwanu: kulandira alendo mosinthana, kusema tinthu ting'onoting'ono tolowa m'chikwama, kugula mitengo pagulu. Patsani aliyense timiyala titatu aike pa mizu imene akuiona kuti njoopsa. Mwa njira iyi mayi wofatsa wa mikanda amamveka chimodzimodzi ndi bambo wa pakamwa. Atcheyamani aike awo pomaliza, kuopa kuti ena angangotsatira.

Wotsogolera asayankhire gulu, ndipo pa tizidutswa pasalembedwe dzina la munthu. Mukalemba kuti uje ndiye amaba makasitomala, msonkhano usanduka bwalo la milandu.

Muzu umene wapeza miyala yambiri muupatse anthu awiri oyang'anira ndi tsiku lodzafotokoza zimene achita. Zofunika kupita ku Khonsolo ya Livingstone zilembedwe pakalata ya komiti. Musanachotse tizidutswa, jambulani mtengowo pa foni, mudzauyalenso pakatha mwezi.