AI ndi ndalama zanu za penshoni: mafunso ndi mayankho

Wantchito wa ku Kaning'ina mumzinda wa Mzuzu akalandira malipiro, amapeza 5 peresenti yadulidwa kupita ku penshoni, abwana n'kuonjezapo 10 peresenti, monga mmene lamulo lakhala likunenera kuyambira 2011. Tsopano kukumveka kuti makompyuta anzeru, otchedwa AI, alowerera pa kayendetsedwe ka ndalama zoterezi. Kodi tide nkhawa?

Ndalamazi amaziyendetsa ndani?

Makampani ngati NICO Asset Managers ndi Old Mutual Investment Group. Zina amakongoza boma, zina amagulira nyumba zochititsa lendi, zina amagulira masheya pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Amene amawayang'anira ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi.

Nanga AI imagwira ntchito yanji pamenepa?

Imawerenga msanga ndiponso sitopa. Lipoti la pachaka la banki, loti munthu angakhale nalo tsiku lonse, iyo imalifupikitsa tiyi asanazizire. Ithanso kugwira ndalama ya membala imene yalembedwa pa dzina lolakwika, kapena abwana amene amadula penshoni koma osapereka.

Ingalosere sheya imene ikwere mtengo?

AI siombeza ula. Imaphunzira kuchokera ku manambala a m'mbuyo, ndipo imafuna ochuluka zedi. Msika wathu ndi waung'ono: kampani yoyamba, NICO, inalowapo mu 1996, ndipo makampani onse safika 20. Masheya ena amatha masiku osagulidwa. Komanso zimene zimagwedeza chuma chathu nthawi zambiri zimachokera pa chiganizo cha anthu, monga pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pamenepo pamafunika munthu wodziwa mmene fodya wayendera ku okushoni komanso ngati madola akupezeka m'mabanki.

Mkulu wa kampani yoyendetsa ndalama za penshoni ayambire pati?

Asathamangire kugula makina. Ayambe wakonza kaundula, chifukwa ngati tsiku lobadwa la membala linalembedwa molakwika, kompyuta idzangofalitsa cholakwikacho mwaliwiro. Kenako asankhe ntchito imodzi yotopetsa, ayese AI pamenepo, aone ngati yachepetsadi nthawi imene wopuma pantchito amadikira ndalama zake. Aphunzitsenso antchito amene ali nawo kale. Akatswiri atha kuwasula konkuno: yunivesite ya MUST ku Thyolo inatsegula likulu la maphunziro a AI mu 2023, ndipo ya Mzuni ku Luwinga imaphunzitsa za makompyuta.

Makina akalakwitsa, mlandu ndi wa yani?

Wa anthu amene anawakhulupirira. Mu Ogasiti 2012, pulogalamu ya kampani ya Knight Capital ku America inasokonekera n'kutayitsa madola pafupifupi 440 miliyoni m'mphindi 45 zokha. Sinali AI ya masiku ano, koma phunziro lake ndi lomwelo: pazikhala munthu wodziwika dzina amene amavomereza chiganizo chilichonse chachikulu, wokhalanso ndi mphamvu yozimitsa makinawo.

Nanga zinsinsi zanga?

Malawi inakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu pa makompyuta mu 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo likuyang'anira. Funsani kampani yanu ya penshoni ngati nambala ya chiphaso chanu ndi malipiro anu zikutumizidwa ku makompyuta a kunja, ndipo ngati zili choncho, wavomereza ndani.

Wina pa WhatsApp akuti AI yake ichulukitsa ndalama zanga kawiri pa sabata. Ndilowe?

Gwirani thumba. Ngakhale ku America, mu Malichi 2024, bungwe loyang'anira malonda a masheya la SEC linalipiritsa makampani a Delphia ndi Global Predictions madola 400,000 onse pamodzi chifukwa chokokomeza za AI yawo. Wofuna ndalama zanu ayambe wakuonetsani laisensi ya Reserve Bank. Banki imeneyi ili ndi nthambi mu Mzuzu momwemu: kafunseni musanatumize ngakhale kwacha imodzi pafoni.