Mwana Wokhoza Bwino Koma Wosakondwa: Zimene Mphunzitsi Ayenera Kudziŵa

Mawu Oyamba

Mphunzitsi aliyense amazoloŵera kuika maso pa ana amene akulephera: wosadziŵa kuŵerenga, wojombajomba, ndi wobwera kusukulu ndi njala. Koma mwana wokhoza mayeso, wovala zochapa, amene makolo ake amamgulira zonse zofunika, timamsiya poyesa kuti palibe chomsoŵa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Phunziro lino likunena za mwana amene zonse zikumyendera bwino, koma mtima wake uli wolefuka kotero kuti sapezanso chokoma m'moyo.

Chisoni ndi Matenda

Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthu ziŵiri. Chisoni chimakhala ndi gwero looneka, monga maliro kapena kulephera mayeso, ndipo chimazilala masiku akamapita. Koma pali matenda a kuvutika maganizo, amene m'Chingelezi amawatcha depression. Madokotala amawaganizira matendaŵa pamene munthu wakhala wokhumudwa, kapena wosakondwanso ndi zimene kale ankazikonda, pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata aŵiri kapena kuposerapo. Mu 2017 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti anthu oposa 300 miliyoni anali ndi matendaŵa. Sagwira akuluakulu okha ai. Ambiri amayamba kudwala akutha msinkhu, adakali m'manja mwa aphunzitsi.

Chifukwa Chake Amagwira Ngakhale Wopeza Bwino

Malungo safunsa ngati munthu ali ndi chimanga m'nkhokwe. Matenda a maganizo nawonso ali chimodzimodzi. Ena amabadwira m'banja limene matendaŵa amayendamo. Ena amayamba kuvutika thupi likamasintha pa kutha msinkhu, ndipo kuyambira pa msinkhu umenewu atsikana amagwidwa kaŵirikaŵiri kuposa anyamata. Mwa ena muli bala lakale lobisika, monga imfa ya mayi zaka zapitazo kapena nkhanza zimene sanauzepo munthu. Nthaŵi zina gwero limakhala m'thupi momwe, monga kuchepa kwa magazi kapena kufooka kwa chithokomiro.

Dokotala wa ku America, Aaron Beck, anafotokoza m'buku lake la mu 1967 kuti wodwala matendaŵa amaona zoipa zokhazokha akaganiza za iye mwini, za dziko lomzungulira, ndi za tsogolo lake. M'kalasi zimaoneka motere: mwana wapeza malikisi 90 pa 100, koma iye akuŵerenga 10 amene wataya. Mukamyamikira, mumtima akuti mphunzitsi wangondimvera chisoni. Choncho kupambana sikumfika pamtima.

Chitsanzo chodziŵika ndi cha Michael Phelps, katswiri wosambira wa ku America, amene anapata mamendulo 28 pa maseŵera a Olimpiki, ndipo 23 mwa iwo anali a golide. Mu 2018 iye anaulula poyera kuti maseŵera a ku London a mu 2012 atatha, kumene anapata mamendulo anayi a golide, anadzitsekera m'chipinda masiku angapo osadya, osafunanso kukhala ndi moyo. Ngati mamendulo otere sanamtchinjirize, ndiye kuti kukhala woyamba mu Sitandade 8 sikungatchinjirize mwana wathu.

Komanso mwana wokhoza amasenza katundu wina. Mudzi wonse ukuyembekeza kuti adzasankhidwa kupita ku sekondale ndipo adzathandiza abale ake. Akamva kulemera mumtima amadzifunsa kuti, "Ndikudandaula chiyani ine, pamene anzanga alibe ngakhale cholembera?" Manyazi ameneŵa amamtseka pakamwa, ndipo matenda amakula mwakachetechete.

Zizindikiro za M'kalasi

Chinthu chachikulu choyang'ana ndicho kusintha. Musamyerekeze mwana ndi anzake, koma ndi m'mene iye mwini analili teremu yatha.

1. Wasiya mpira, kwaya kapena macheza, ndipo nthaŵi yopuma amakhala yekha.
2. Amasinza m'kalasi kapena amaoneka wotopa masiku onse.
3. Wayamba kupsa mtima msanga. Mwa ana, matendaŵa amaoneka kaŵirikaŵiri ngati ukali, osati kulira.
4. Amadandaula mutu kapena m'mimba kuŵaŵa, koma kuchipatala sapeza nthenda.
5. Sakudya monga kale, kapena waonda.
6. M'chimangirizo amalemba mawu odzinyoza, kapena onena za imfa.

Kumbukirani kuti malikisi angathe kukhalabe apamwamba kwa miyezi ingapo. Mwana wanzeru amadziŵa kubisa.

Zoyenera Kuchita

Choyamba, mpezereni mpata wolankhula naye padera, pamalo ooneka koma posamveka kwa anzake. Nenani chimene mwaona, osati chimene mwaweruza: "Mwana wanga, ndaona kuti masiku ano sukuseŵera ndi anzako. Mtima uli bwanji?" Kenaka khalani chete, mumlole alankhule. Akakana lero, mudzamfunsenso maŵa.

Chachiŵiri, peŵani kumŵerengera madalitso ake. Mawu akuti, "Iwe uli ndi mwayi, ena akugona ndi njala," iye anadziuza kale kambirimbiri, ndipo ndiwo amamchititsa manyazi. Musamtche waulesi kapena wonyada, ndipo musampatse chibalo chifukwa cha kusinza musanadziŵe chomsinzitsa.

Chachitatu, musapeputse kumvetsera. Ku Harare m'dziko la Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench. Agogo aakazi ophunzitsidwa pang'ono amakhala pa benchi kunja kwa chipatala, namvetsera anthu ovutika ndi chimene Achishona amati kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri, nawathandiza kusankha vuto limodzi loyamba kulithetsa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti ambiri anapezadi bwino. Mphunzitsi nayenso ali ndi benchi lake pansi pa mtengo wa pasukulu.

Chachinayi, dziŵani malire anu. Mphunzitsi si dokotala. Zizindikiro zikapitirira masabata aŵiri, uzani mphunzitsi wamkulu, ndipo kambiranani ndi makolo mwaulemu kuti mwanayo akaonedwe kuchipatala. Makolo ena adzati walodzedwa. Musakangane nawo, koma apempheni kuti akayezedwe ndithu. Matendaŵa amachizika ndi uphungu, ndipo nthaŵi zina ndi mankhwala. M'Malaŵi muno chithandizo chimayambira pa chipatala cha boma cha m'dera lanu, ndipo ofunika chisamaliro chapadera amathandizidwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu.

Chachisanu, ngati mwana watchula za kudzipha, mfunseni mosapita m'mbali. Kufunsa sikumpatsa maganizo amenewo, koma kumamtsegulira khomo. Musamsiye yekha, musalonjeze kusunga chinsinsi chotere, ndipo chithandizo chifunidwe tsiku lomwelo.

Mawu kwa Inu Eni

Zonsezi zikukhudzanso inu amene muli pa koleji. Wina adzakhoza mayeso, nadzalandira kalata ya ntchito ndi malipiro oyamba, koma nadzapeza kuti mtima uli gwaa. Zikadzatero musadzadziyese wosayamika. Kauzeni mnzanu wokhulupirika kapena mlangizi wanu, ndipo pitani kuchipatala monga m'mene mukadachitira ndi malungo. Mutu umodzi susenza denga.

Mafunso Okambirana

1. Fotokozani kusiyana kwa chisoni ndi matenda a kuvutika maganizo.
2. Nchifukwa chiyani mwana wokhoza bwino amachedwa kupeza chithandizo?
3. Muli aŵiriaŵiri, yesezani kukambirana kwa mphunzitsi ndi kholo limene likuti mwana wake alibe vuto popeza akukhoza mayeso.