Madzi Oundana pa Chitsulo

Kwa Mphuka, m'boma la Thyolo, kumazizira kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Chiperoni chikafika, anthu othyola tiyi amagwira ntchito zala zili gwa! Komabe madzi a m'mitsinje saundana. Wofuna kuona madzi ataundana panja ayenera kukwera phiri la Mulanje, kumene chisanu chimagwa usiku. Ana ambiri amawaona m'firiji ya kusitolo kapena ya kuchipatala.

Madzi amaundana kuzizira kukafika pa madigiri 0. Akaundanira pa chitsulo amakangamira kotero kuti ngakhale munthu wamkulu sangawakanganule ndi manja. Chitsulo chimaoneka chosalala, koma chili ndi timing'alu ndi timaenje tosaoneka ndi maso. Madzi amaloŵa m'menemo, ndipo poundana amafufuma pang'ono, nagwira monga mizu ya tiyi igwirira nthaka.

Chitsulo chimalandanso kutentha msanga kuposa thabwa. Mwana akachikhudza ndi chala chonyowa m'kati mwa firiji, chinyezi cha pachalapo chimaundana ndipo chala chimamatirira. Akakoka mwamphamvu khungu limasupuka. Mankhwala ake ndi kuthirapo madzi ofunda.

Madzi oundana akachuluka, firiji siziziritsa bwino. Anthu ena opupuluma amatenga mpeni ndi kuyamba kugoba. Kumeneko ndi kulakwa kwakukulu, pakuti m'chitsulomo mumadutsa timipope ta mpweya woziziritsa. Mpeni ukaterereka nuboola kampope, mpweyawo umathaŵa ndipo firiji imaleka kugwira ntchito. Kusitolo nyama imaola. Kuchipatala vuto limakula koposa, chifukwa katemera amafuna kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Katemera wa chikuku akatenthedwa amatha mphamvu, ndipo mwana wobayidwa katemera wotere satetezeka.

Wantchito wodziŵa bwino amasamutsa katundu, nazimitsa firiji, naikamo beseni la madzi ofunda. Chitsulo chikafunda, madzi okhudzana nacho ndiwo amayamba kusungunuka, ndipo chibuluma chonse chimagwa chokha. Opanga ndege amatsata nzeru yomweyi: mpweya wotentha wochokera m'injini umafunditsa mapiko kuti madzi oundana asakangamirepo ndege ili m'mitambo.

Mafunso

1. Kodi madzi oundana amagwira bwanji chitsulo?
2. Chifukwa chiyani chala chonyowa chimamatirira ku chitsulo chozizira kwambiri?
3. Fotokozani kuipa kogoba m'firiji ndi mpeni.