Wophunzira M'chipinda Choyeretsera Zipangizo za Chipatala

Munthu amene wadzitema ndi khasu kumunda ku Golomoti, kapena msodzi amene mbedza yamloŵa m'chala kunyanja, akafika pachipatala amafuna kuti amthandize msanga. Nthaŵi zina namwino amayamba wamanga balalo kuti magazi aleke kutuluka, kenaka nkunena kuti, "Bambo, mudikire pang'ono, zipangizo zikadali pamoto." Mau otereŵa amakhumudwitsa anthu ambiri, ndipo ena amayesa kuti achipatala akuchita ulesi. Koma kudikirako kuli ndi chifukwa chachikulu. Kuseri kwa chitseko chimene odwala saloŵako kumachitika ntchito yotsuka ndi kuphika singano zosokera, masizasi, zopanira ndi zipangizo zina, kuti matenda a munthu mmodzi asapite kwa mnzake.

Chaka ndi chaka sukulu za zaumoyo, monga Malawi College of Health Sciences, Kamuzu University of Health Sciences ndi makoleji a mipingo a pansi pa CHAM, zimatumiza ophunzira ao ku zipatala za boma ndi za mishoni kuti akaphunzire ntchito ndi manja. Pakati pa zigawo zimene ophunziraŵa amayendera pali chipinda choyeretsera zipangizo. Ambiri amachiyang'anira pansi, poganiza kuti kutsuka ndi ntchito ya wina aliyense, ndipo mtima wao umakhala uli kuchipinda cha opaleshoni kapena kochirira amayi. Phunziro lino likufotokoza zimene wophunzira angapindule m'masabata ochepa amene amakhala m'chipindacho, ndi zimene anthu obwera kuchipatala angatolepo.

CHIFUKWA CHAKE NTCHITOYI IRI YOFUNIKA

Kale madokotala sankadziŵa chimene chinkaoletsa mabala. M'chaka cha 1847 dokotala wina wa mumzinda wa Vienna, dzina lake Ignaz Semmelweis, adalamula kuti onse othandiza amayi pochira aziyamba asamba m'manja ndi madzi a klorini, ndipo imfa za amayi zidachepa kwambiri. Mu 1867 Joseph Lister adalemba za njira yake yophera tizirombo pa mabala ndi pa zipangizo za opaleshoni. Mu 1879 Charles Chamberland, amene ankagwira ntchito ndi Louis Pasteur ku France, adapanga mphika wotseka ndithu wophikira zinthu ndi nthunzi yotentha kwambiri. Mphika umenewo ndiwo kholo la makina otchedwa autoclave amene ali m'zipatala lero.

Tizirombo timene makinaŵa amapha sitioneka ndi maso. Kachirombo ka HIV, kamene kadapezeka koyamba m'Malaŵi mu 1985, kamayenda m'magazi. Kachirombo ka matenda a chiŵindi a Hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kupitirira. Tizirombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timadzikuta ndi chikhungwa cholimba kotero kuti ngakhale madzi oŵira amalephera kutipha tonse. Sizasi ikhoza kunyezimira bwino koma iri ndi tizirombo m'mfundo zake. Paja akulu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa anthu a m'chigwa cha kunyanja m'boma la Dedza nkhaniyi ndi yaikulu. Chipatala cha boma chiri pamwamba pa mapiri, ndipo kuti munthu akafikeko ayenera kukwera msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere. Motero ambiri a ku Mtakataka, Golomoti ndi midzi yozungulira amadalira zipatala zazing'ono za kufupi ndi kwao ndiponso chipatala cha mishoni cha Mua, pamalo pamene ansembe a White Fathers adakhazikika mu 1902. Mayi amene wachitidwa opaleshoni pobereka, bala lake likachita mafinya amakhalitsa m'chipatala, ana amasoŵa woŵasamala, munda umalimidwa mochedwa, ndipo nthaŵi zina moyo umene umatayika.

NJIRA ZISANU ZIMENE WOPHUNZIRA AYENERA KUZIDZIŴA

1. Kutsuka. Zipangizo zikangogwira ntchito zimatengedwa m'chotengera chovundikira magazi asanaume. Wotsuka amatsegula chiri chonse chokhala ndi mfundo, nachikwecha ndi burashi m'madzi a sopo, chiri pansi pa madzi kuti zonyansa zisamthovukire kumaso. Kenaka amatsukuluza ndi madzi oyera. Iyi ndiyo njira yofunika koposa zonse, chifukwa magazi kapena mafinya akatsalira amaphimba tizirombo, ndipo nthunzi siitifika. Kwa zaka zambiri ophunzira ankauzidwa kuti aziyamba aviika zipangizo m'madzi a klorini wa 0.5% kwa mphindi 10. Mu 2016 bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO lidalangiza kuti kuviika kotereku kusamachitike zipangizo zisanatsukidwe, popeza klorini amadyetsa zitsulo dzimbiri ndipo mphamvu yake imachepa akakumana ndi magazi. Wophunzira afunse mkulu wa chigawocho malangizo amene chipatalacho chikutsata.

2. Kuumitsa ndi kuyang'anitsitsa. Chipangizo chiri chonse chimapukutidwa ndi nsalu yoyera ndi kuyang'aniridwa poŵala. Chadzimbiri, chothyoka kapena chobuntha chimapatulidwa.

3. Kukulunga. Zipangizo zimaikidwa m'magulu molingana ndi ntchito yake, monga zochiritsira mayi, zosokera bala kapena zotsukira chilonda. Phukusi liri lonse limamatidwa ndi tepi yapadera imene mizere yake imada ikatenthedwa, ndipo pamwamba pake pamalembedwa dzina la phukusilo ndi tsiku.

4. Kuphika ndi nthunzi. Madzi a mumphika wamba amaŵira pa madigiri pafupifupi 100, ndipo sapitirira pamenepo ngakhale wina asonkhezere moto chotani. Mu autoclave nthunzi imatsekeredwa, motero kutentha kumafika madigiri 121. Pa kutentha kumeneku zipangizo zokulunga zimakhala mphindi 30, ndipo zosakulunga mphindi 20. Nthaŵiyi imayamba kuŵerengedwa pamene kutenthako kwafika, osati pamene moto wayatsidwa. Mpweya uyenera kuyamba watulutsidwa, ndipo maphukusi asapanikizane, kuti nthunzi idutse ponseponse. Kumene kulibe autoclave zipangizo zina zimaŵiritsidwa mphindi 20 mumphika wovundikira. Njira imeneyi imapha tizirombo tambiri koma siimaliza tonse, choncho siikwanira pa zipangizo zoloŵa m'kati mwa thupi.

5. Kusunga. Maphukusi amasiyidwa kuti aume ndi kuzizira asanagwidwe. Phukusi lonyoŵa, long'ambika kapena logwa pansi limaŵerengedwa ngati losayera, ndipo limabwerera pachiyambi. Kuchigwa kuno fumbi la m'mwezi wa October ndi chinyontho cha m'dzinja ndi adani a maphukusi, motero amasungidwa m'kabati yotseka, kutali ndi pansi. Akale amayamba kugwira ntchito, atsopano pambuyo.

Njira zisanuzi zimayenda ngati madzi a mumtsinje, kuchokera kumbali ya zakuda kupita kumbali ya zoyera, osabwerera. Munthu amene ali kotsukira sagwira maphukusi ophika asanavule magolovesi ndi kusamba m'manja.

MMENE WOPHUNZIRA ANGAPINDULIRE NDI NTHAŴI YAKE

Masabata a m'chipindachi amatha msanga, ndipo wophunzira amene amangoimirira pakhomo amachoka monga adabwerera. Wanzeru amalaŵirira, chifukwa ntchito yoyesa makina, kuthira madzi ndi kuŵerenga maphukusi imachitika m'maŵa. Amakhala ndi kabuku m'thumba, momwe amalemba maina a zipangizo, chiŵerengero cha zimene zimaloŵa m'phukusi liri lonse, ndi nthaŵi imene makina amatenga. Pakutha pa sabata yoyamba ayenera kutha kukonza phukusi lochiritsira mayi popanda kuyang'ana pa pepala.

Aphunzitsi ake enieni kaŵirikaŵiri amakhala antchito othandiza amene atsuka zipangizo zaka zambiri. Ena mwa iwo sadapite patali ndi sukulu, koma amadziŵa kulira kwa makina akamataya nthunzi, ndiponso amadziŵa sizasi imene yayamba kutafuna nsalu m'malo modula. Wophunzira wodzikuza ndi yunifolomu yake amataya nzeru zimenezi. Woŵapatsa ulemu ndi kufunsa kuti, "Amayi, bwanji phukusi iri mwalibweza?" amaphunzira m'tsiku limodzi zimene sakadazipeza m'buku. Safunsa adadya phula.

Nkothandizanso kupempha chilolezo cholondola phukusi limodzi ulendo wake wonse, kuyambira pamene likutsekulidwa pafupi ndi wodwala mpaka pamene zipangizozo zabwerera kotsukira. Amene waona dokotala akusoŵa chopanira mtsempha magazi akutuluka sadzaiŵalanso kuŵerenga zipangizo asanakulunge.

Wophunzira asakhutire ndi makina aakulu a magetsi okha. Akamaliza maphunziro akhoza kutumizidwa kuchipatala chaching'ono cha kumudzi, kumene kuli autoclave yaing'ono yoika pamoto. Choncho aphunzire kuigwiritsa ntchito, adziŵe kusamala mphira wa pachivundikiro, ndi madzi oyenera kuthiramo, popeza madzi a mchere a m'mijigo ina amasiya zoyera m'kati mwa makina ndi kuthimbiriritsa zitsulo. Adziŵenso kuti magetsi akazima kapena moto ukachepa nthaŵi isanakwane, kuphikako kumayambiranso pachiyambi.

Chachikulu pa zonse ndi kukhulupirika. M'chipindachi munthu amagwira ntchito popanda womuona. Akadula mphindi zisanu pofuna kukadya, kapena akatola phukusi logwa pansi nkulibwezera m'kabati, palibe angadziŵe tsiku limenelo. Zotsatira zake zimaonekera pa wodwala patapita masiku angapo. Wophunzira akalakwitsa anene msanga kwa womyang'anira. Kudzudzulidwa kumatha, koma bala la mayi likaola limatenga masabata kuti lipole. Alembenso zoona zokhazokha m'kaundula wa makina, chifukwa kaundulayo ndiye amathandiza kulondola vuto likapezeka.

Potsiriza, wophunzira adziteteze. Avale magolovesi ochindikala, epuloni ya pulasitiki, chotchinga kumaso ndi nsapato zotseka. Alandire katemera wa Hepatitis B. Akadzibaya ndi singano kapena kudzicheka, atsuke pamalopo ndi sopo ndi madzi oyenda, nanene nthaŵi yomweyo. Mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa msanga, maola 72 asanathe, ndipo amamwedwa masiku 28.

ZIMENE ANTHU OBWERA KUCHIPATALA ANGACHITE

Wodwala amene wauzidwa kuti adikire zipangizo aleze mtima, podziŵa kuti mphindi 30 zimenezo ndi zomteteza iye mwini. Masiku ano jakisoni amagwira ntchito kamodzi kokha. Amatsekulidwa m'pepala lake wodwala akuona, ndipo akatha amaponyedwa m'bokosi lapadera kuti akatenthedwe. Munthu ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu ngati sadaone jakisoni akutsekulidwa. Bala losokedwa likayamba kutupa, kutentha, kununkha kapena kutuluka mafinya, mwini wake abwerere kuchipatala tsiku lomwelo.

Ophunzira amene odwala amaŵaona ndiwo anamwino ndi madokotala a maŵa, ndipo amagwira ntchito moyang'aniridwa. Ayenera kulimbikitsidwa. Kholo limene mwana wake walemba uthenga wakuti sabata ino akutsuka zipangizo lisadandaule kuti ndalama za sukulu zikupita pachabe, chifukwa mwanayo akuphunzira ntchito imene opaleshoni iri yonse imatsamirapo.

Phunziro la m'chipindachi limagwiranso ntchito kumudzi. Ngati achipatala amavutika chotere ndi sizasi imodzi, lezala limodzi siliyenera kutemera mphini anthu aŵiri, kumetera ana angapo, kapena kugwira ntchito pa anyamata ambiri kuchinamwali. Munthu aliyense akhale ndi lezala lake latsopano. Chimodzimodzi singano yoboolera makutu. Anthu oyenda m'midzi ndi m'misika nkumabaya anzao jakisoni alibe njira yoyeretsera zipangizo zao, ndipo ndalama zochepa zimene munthu amaŵalipira zikhoza kumgulira matenda a moyo wonse. Amayi apakati apite kukachirira kuchipatala, kumene mchombo wa mwana umadulidwa ndi chipangizo chophika. Pa mchombopo pasapakidwe phulusa, dothi, ndowe kapena mafuta, koma mankhwala okhawo amene achipatala apereka. Mayi alandirenso katemera wa kafumbata kusikelo, ndipo mwana amalize akatemera ake onse, popeza kuyambira mu 2002 katemera wa ana m'Malaŵi amatetezanso ku Hepatitis B.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Nchifukwa chiyani chipangizo chiyenera kutsukidwa chisanaphikidwe?
2. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa kuŵiritsa mumphika wamba ndi kuphika mu autoclave?
3. Wophunzira achite chiyani phukusi lophika likagwa pansi popanda womuona?
4. Ndi miyambo iti m'mudzi imene imagwiritsa ntchito lezala kapena singano, ndipo mafumu ndi alangizi a zaumoyo angathandize bwanji kuti aliyense azikhala ndi yake?