Kalembedwe ka Nkhani ya Chibwenzi cha Achinyamata a Kwathu

Lero ndicheza ndi inu amene muli ndi kope lomwe mumabisa pansi pa mphasa, momwe mukulembamo nkhani ya mnyamata ndi mtsikana, ndipo simunaonetseko aliyense. Ndikudziwa mulipo kuno ku Phalombe, kaya ku Migowi, ku Chiringa kapena ku Nkhulambe. Sendezani wailesi pafupi.

Nkhani zambiri zimene ana a sekondale amalemba zimadwala matenda amodzi. Mnyamata ali ndi galimoto, mtsikana akumwa juwisi pahotela, kenaka akupatsana maluwa. Mukamufunsa wolembayo kuti anaona kuti mtsikana akulandira maluwa, amangoseka. Anazitola m'kanema wa pamsika. Owerenga anu adzazindikira bodza limeneli patsamba loyamba pomwe, ndipo kopelo adzakulungira mandasi.

Ndiye poyambira ndi pamene inu mwaima. Awiriwa akumana kuti? Kwathu kuno amakumana pamjigo, kuchigayo, kukwaya, kapena panjira yopita kusukulu yoyendera, wina atakweza mnzake panjinga chifukwa belu latsala pang'ono kulira. Lembani kuti tcheni cha njinga chinavuka, ndipo mtsikana ndiye anachibwezera, mnyamata ali chiimire, manyazi atamugwira. Lembani za phiri la Michesi litavala mtambo m'mawa, za makoko a nandolo pabwalo, za kalongonda amene waphikidwa tsiku lonse. Munthu wa kuno akawerenga zotere amati, "Awa ndi kwathu," ndipo zotsatira zonse adzazikhulupirira.

Tsono mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pamene ambiri amaphonya. Nkhani ya chibwenzi cha achinyamata imayenda ndi mapazi a munthu wachitatu, mnzake wa mnyamata kapena wa mtsikana. Mnyamata wa folomu 2 safunsira yekha. Amatuma mnzake kukapereka kakalata kong'ambidwa pakati pa kope la masamu, kapena amabwereka foni ya mnzakeyo poti yake ilibe mayunitsi. Mtsikana naye sayankha asanafunse mnzake amene amagona naye m'kanyumba ka lendi pafupi ndi sukulu. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mtumiki uja akhoza kusintha uthenga. Akhoza kukhala kuti nayenso mtima wake unagwa pomwepo, koma sananene. Akhoza kungomva kuwawa poona kuti mnzake amene ankadya naye chinangwa chimodzi pabuleki tsopano alibe naye nthawi. Ine ndimaona kuti kutha kwa chinzake kumapweteka mwana wa zaka 15 kuposa kukanidwa chibwenzi, ndipo olemba athu sakulabadira. Mpatseni mnzakeyo dzina, kwawo, vuto lake. Asakhale wongonyamula makalata. Amene munkamvera Zathu pa Wailesi, yomwe inayamba mu 2017, mukukumbukira kuti msana wa sewero lija unali chinzake cha anyamata ndi atsikana, ndipo achinyamata ankadikira tsiku lake.

Pa zoyankhulana, tsekani kope kaye, mupite mukamvetsere. Khalani pasiteji ya kabaza kapena pabwalo la mpira. Mnyamata sanena kuti, "Ndimakukonda ndi mtima wanga wonse." Amati, "Aise, notsi za bayoloje uli nazo?" chonsecho zake zili m'chikwama. Mtsikana amayankha kuti, "Ndiganize kaye," maso ali pansi, chala chakuphazi chikulemba m'dothi. Mawu enieniwo sanenedwa, ndipo kukoma kwake kuli pomwepo. Agogo akamayankhula m'nkhani yanu, aloleni aponyemo Chilhomwe pang'ono ngati mumachidziwa bwino. Ngati simuchidziwa, funsani eni ake, musapeke.

Nanga chowalepheretsa nchiyani? Musavutike kuitanitsa mfiti kapena ngozi ya galimoto. Moyo wa kuno uli nazo zokwanira. Mayeso a sitandade 8 atuluka, mmodzi wasankhidwira kusukulu yogonera, wina watsala. Nandolo wagwa mtengo, fizi yasowa. Mnyamata akunyengereredwa kuti awoloke kupita ku Mozambique kukagwira ganyu, kapena atsatire achimwene ake ku Joni. Malume, mwini mbumba, amva mphekesera ndipo aitanitsa mdzukulu wawo pakhonde. Kumbukiraninso Malichi wa 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri, sukulu zinatsekedwa ndipo makalasi ena anasanduka misasa. Tangoganizani ana awiri amene ankaopana m'kalasi, lero agona m'kalasi momwemo ndi mabanja awo, akudikira phala pamzere umodzi. Makolo awo akukumbukira napolo wa 1991. Nkhani imeneyo palibe wa ku Lilongwe angakulembereni. Koma muilembe mwaulemu, chifukwa ena mwa owerenga anu anataya abale.

Pali malire amene sindinyengerera. Anthu a m'nkhani yanu ndi ana. Malamulo a dziko lino, kuyambira pamene anakonzedwa mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangalowe m'banja. Choncho za kuchipinda zisapezekemo. Ndipo bambo wamkulu wa sitolo akamapatsa mtsikana wa folomu 1 sopo ndi ndalama, musakutche chikondi. Kumeneko ndi kudyera mwana masuku pamutu, ndipo nkhani yanu ionetse choncho.

Komanso musasanduke mlaliki. Pa nkhani khumi zilizonse za ana asukulu, pafupifupi zonse zimatha mtsikana ali ndi pathupi, akulira, aphunzitsi akugwedeza mutu. Zimachitikadi, sindikukana. Koma achinyamata anazimva kale kutchalitchi, kumzikiti ndi kwa anankungwi, ndipo akangonunkhiza ulaliki amatseka buku. Ngati mwasankha njira imeneyo, pitirizani nayo: mtsikana wobereka amaloledwa kubwerera kusukulu, ndiye tionetseni tsiku loyamba lobwereralo, ndi mnzake amene wamusungira malo padesiki. Nanga mnyamata uja ali kuti? Musamubise.

Mukamaliza, musathamangire kwa aphunzitsi a Chichewa. Itanani anzanu awiri, mukhale pansi pa mtengo wa mango, muwawerengere mokweza. Pamene ayamba kuyang'ana kumbali, ikani chizindikiro, mukafufute. Pamene wina wafuula kuti, "Iii, ukunena uje!" sinthani dzina ndi mudzi msanga, mungayambanitse anthu, koma ndimeyo muisunge.

Ntchito ya sabata ino nayi. Tsamba limodzi lokha: mnyamata akubweza buku limene anabwereka, mnzake ali chapatali akunamizira kupopa njinga. Mawu oti chikondi asapezekemo ngakhale kamodzi. Tikumane sabata yamawa nthawi ngati yomweyi, makope ali m'manja.