Kodi khonsolo ingatithandize bwanji pa mkombaphala wathu?

Funso: Ndine mayi wa ku Dedza. Ine ndi anzanga timasamalira ana a m'mudzi mwathu pakhonde la tchalitchi. Phala timaphika ndi ufa wosonkha, koma ikafika miyezi ya njala ana amachepa. Palibe mwa ife anaphunzirapo za ntchitoyi. Tigogode khomo liti?

Yankho: Mayi, ntchito mukugwirayi ndi yaikulu, musaipeputse. Yambirani kwa amfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ija timati VDC, kuti nkhani yanu ikwere ku komiti ya chitukuko ya m'dera, ija timati ADC, mpaka kukhonsolo. Kenako pitani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kuboma, mukalembetse mkombaphala wanu. Izi n'zofunika kwambiri, chifukwa maphunziro a alezi kapena zipangizo zikabwera, amayamba kuona malo amene ali m'kaundula. Tengani mayina a ana ndi zaka zawo, mayina a alezi, komanso a komiti ya makolo. Ngati komitiyo mulibe, isankheni musanapite.

Za phala, musayembekeze kuti khonsolo izikupatsani ufa mwezi ndi mwezi. Pemphani malo kwa amfumu, makolo alime chimanga, soya ndi mtedza, ndipo mlangizi wa zaulimi akuthandizeni. Mlangizi wa zaumoyo naye muitaneni aziyeza ana sikelo ndi kuona makadi a katemera. Chimbudzi ndi mpondagiya zisasowe.

Mukaona mwana wa zipsera zokayikitsa kapena wosiyidwa ndi njala, uzani wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lanu, kapena imbani 116, nambala yaulere. Musadikire mawa, mayi.