Musanagule Turbo Yaikulu, Yambani ndi Giyabokosi

Eni galimoto zothamanga akafuna kuwonjezera mphamvu, ambiri amathamangira kugula turbo yaikulu. Ngati galimotoyo ndi ya otomatiki, kuyambira kumeneko n'kutaya ndalama. Titenge chitsanzo cha Toyota Chaser kapena Mark II ya JZX100, imene idayamba kupangidwa ku Japan mu 1996. Ili ndi injini ya 1JZ-GTE ya malita 2.5, mahosipawa 280, ndi giyabokosi ya magiya anayi ya A341E. Giyabokosi imeneyi ndi yolimba ndithu, koma galimoto yotereyi yatha kale zaka zoposa 20 pamsewu.

Choyamba, dziwani thanzi la zimene muli nazo. Mekaniki ayeze kompresheni m'masilinda onse 6. Kenako solorani dipisitiki ya giyabokosi. Oyilo wabwino wa ATF amakhala wofiira. Akakhala wabulauni komanso akununkha ngati chinthu chopserera, ndiye kuti makilatchi am'kati ayamba kale kudyeka. Tsegulani sampu ya pansi muone maginito. Tifumbi tosalala totuwa si vuto, koma tizidutswa ta chitsulo tonyezimira tikutanthauza kuti giyabokosiyo ipite kaye kogwetsa. Ikakhala bwinobwino, sinthani fyuluta ndi oyilo, ndipo muthire mtundu umene buku la galimotoyo likunena.

Chachiwiri ndi kutentha, ndipo apa ndi pamene ambiri amaumira. Kufakitale oyilo wa giyabokosi amazizira podutsa m'kachigawo ka m'redieta. Mukangowonjezera mphamvu, kachigawoko kamachepa. Mangani choziziritsira oyilo chapadera kutsogolo, pamene mphepo imawomba, ndipo oyilo azidutsa kaye m'redieta kenako m'menemo asanabwerere. Ikaninso geji ya kutentha kwa ATF pamalo oti muziiona mukuyendetsa. Pakati pa madigiri 80 ndi 90 zinthu zili bwino. Ikamakwera kupitirira 120, oyilo akuwonongeka msanga. Amene adakwerapo mtunda wochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre masana a mu Okutobala akudziwa kuti geji imeneyi si yokongoletsera.

Tsopano kasinthidwe ka magiya. Toyota idapanga kuti giya ilowe mofewa, munthu osamva n'komwe. Kufewa kumeneko kumabwera chifukwa makilatchi amatereraterera kaye asanagwire, ndipo mphamvu ikachuluka, kutererako ndi kumene kumawawotcha. Katswiri wa otomatiki akonze valve body ndi ma accumulator kuti presha ikwere, giya izilowa mwachangu. Mudzamva kakugunda pang'ono posintha. Musadandaule, ndi mmene ziyenera kukhalira. Ngati mukufuna mphamvu yochuluka kwambiri, makilatchi asinthidwe ndi olimba nthawi yomweyo. Torque converter ya stall yokwera imathandiza turbo yaikulu kudzuka msanga ponyamuka, koma imawonjezeranso kutentha, choncho musankhe yokwera pang'ono chabe, ndipo lock-up isachotsedwe.

Zikatha izi, mafuta ndi mpweya: pampu ya petulo yamphamvu, mainjekita ogwirizana ndi mphamvu imene mukufuna, intercooler yaikulu ya kutsogolo, ndi ekizozi yotakata. Geji ya wideband ndiyo idzakuuzeni ngati petulo akuchepa poyerekeza ndi mpweya, chimene chimasungunula mapisitoni.

Turbo imabwera pano. Ya kufakitale, CT15B, ili ndi gudumu la ceramic kumbali ya ekizozi, limene limatha kusweka boost ikakankhidwa kupitirira bar imodzi. Kwa ine, pa galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku, turbo yapakatikati ya gudumu la chitsulo imaposa chimphona chimene chimagona mpaka injini itakuwa. Onetsetsani kuti paipi yopereka oyilo ku turbo ndi yatsopano, ndipo wastegate ikutseguka pa mlingo wake.

Pa kompyuta chenjerani. Mu JZX100 kompyuta ya injini ndi yomweyo imene imalamula magiya. Mukaizula n'kuika ina yosadziwa za otomatiki, giyabokosi idzasokonekera. Mwina muike yowonjezera pambali pa yakaleyo, kapena mugule yotha kuyendetsa zonse ziwiri. Tizipangizo tonamiza kompyuta kuti isadule petulo boost ikakwera, tisiyeni m'sitolo.

Kutchuna kuchitikire pa dyno, ndi petulo yemweyo amene mumamwetsa masiku onse. Injini imeneyi idapangidwira petulo wa octane wokwera wa ku Japan, ndiye wotchuna asiye mpata wokwanira pa timing kuti injini isamagogode. Kwezani boost pang'onopang'ono. Musanayese liwiro, sinthani mapadi a mabuleki, oyilo wa mabuleki ndi matayala, ndipo muuze a inshuwalansi zimene mwasintha. Pakatha masabata angapo, solorani dipisitiki ija muone mtundu wa oyilo ndi fungo lake. Akada msanga, tsitsani boost mubwerere kwa katswiri wa giyabokosi.